Zitenje za Olive Pakhoma la Holo

Bambo Malizani analowa m'holo ya tchalitchi ku Chilomoni mwambo utayamba kale, thukuta lili kamukamu, ambulera ili m'manja. Sanabwere kudzaona zaluso. Anabwera kudzagwira mbala.

Mkulu wa mpingo ameneyu anali ndi mbiri imodzi imene ankainyadira: m'dera lonselo munalibe mwamuna wogulira mkazi nsalu kuposa iye. Ogulitsa zitenje ku Limbe ankamudziwa ndi dzina. Ankafika m'mamawa, ena akuyala kumene katundu, n'kusankha yokwera mtengo osanenerera. Koma mkazi wake, Olive, sanavalepo ngakhale imodzi. Ankalandira ndi manja awiri, maso ali pansi, n'kukaipinda m'sutikesi.

Sabata imeneyo Bambo Malizani anatsegula sutikesiyo n'kupeza mulibe kanthu. Mnzawo wina wa mumpingo ndiye anawatsina khutu: Lachinayi lililonse, pochokera ku mapemphero a amayi, Olive ankakhotera kwa Januario, telala wachinyamata wosakwatira, phukusi lili m'khwapa. Ndipo Loweruka telalayo akapachika ntchito zake m'holo kuti anthu adzaone.

Tichenjezane pano, abale: nsalu ya mkazi wa mwini ikapezeka m'nyumba ya mwamuna wina, ankhoswe safunanso mboni. Mlandu umakhala watha. N'chifukwa chake Bambo Malizani anali atatumiza kale mawu kwa ankhoswe kuti Lamulungu abwere adzatenge mwana wawo. Chinatsala n'chakuti mpingo wonse uone ndi maso ake kuti wolakwa ndani, kuti mawa wina asadzanene kuti mkulu wa mpingo anathamangitsa mkazi popanda chifukwa.

M'makoma munali mutapachikidwa zinsalu zazigamba, zokhuthala ngati zofunda, koma zosokedwa kuti anthu aziziyang'ana basi. Bamboyo anatsonya. Dziko latha: anthu akugona pamkeka wopanda bulangete, ena akufunditsa khoma!

Kenako anachiona. Chinali kutsogolo, chachikulu kuposa zonse, chochokera kudenga mpaka kutsala pang'ono kukhudza pansi. M'mbali mwake munali tizigamba ta nsalu zosiyanasiyana, tolumikizidwa ndi ulusi wofiira wokhuthala. Koma pakati ponse, malo aakulu ngati chitseko, panali nsalu zimene iye ankazidziwa ngati zala zake. Yabuluu ya nkhanga. Yachikasu ya makiyi. Yobiriwira ya masamba a fodya. Zonse zitadulidwadulidwa ndi sizasi ya telala.

Mayi Chipulikano, mphunzitsi wopuma amene ankatsogolera mwambowo, anali atangomaliza kuyankhula. Amayi ena ankapukuta misozi ndi m'mphepete mwa zitenje zawo. Olive anali pa benchi yakutsogolo, atapendeketsa mutu monga mwa chizolowezi chake, pakuti khutu lake lakumanzere linasiya kumva kalekale. Analibe ngakhale manyazi obisala kumbuyo!

"Iwe Januario! Tabwera kuno, mbala iwe!" anakuwa Bambo Malizani.

Telalayo anathamanga, tepi yoyezera ili m'khosi, n'kuwerama mwaulemu. "Bambo, chonde, tiyeni panja ndikufotokozereni kaye. Musayankhule muno."

"Panja? Zonyansa unachitira mseri, lero ukufuna ndikubisire? Choka apo!"

Anamukankhira kumbali, napita kutsogolo. Ankadziwa kuyankhula pagulu. Ulaliki wake wodzudzula mabanja a masiku ano unkakumbukika mwezi wathunthu. Anakweza ambulera n'kuloza.

"Abusa, amayi, abambo, onani bwino. Iyi ya nkhanga ndinagula ine, chaka cha namondwe uja anagumula nyumba ku Manje. Iyi ya makiyi ndinagula ine, m'mawa wa Khirisimasi. Iyi, ine. Iyo, ine. Ya maluwa ofiirayo n'ja mwezi wathawu, sinalowe n'komwe m'madzi! Pakati ponsepa palibe chigamba chimene sindinakachitenge ndekha kumsika ndi miyendo yangayi. Alipo wotsutsa? Aimirire!"

Palibe anaimirira. Abusa anagwetsa nkhope. Mayi wina anagwira pakamwa. Bambo Malizani anaona kuti mawu awo alowa, pakuti choonadi chikalankhulidwa poyera, ngakhale osamva amakhala chete.

"Olive, imirira. Uwauze anthuwa ngati ndikunama."

Olive anaimirira pang'onopang'ono, atagwirira benchi. Kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri, anayang'ana mwamuna wake m'maso.

"Simukunama, bambo a Alinane. Zonse munagula ndinu."

"Mwamva nokha!" Bamboyo anatembenukira gulu, chifuwa chili patsogolo, kudikira kuti anyamata amugwire telala uja.

Mayi Chipulikano anaimirira, nakonza magalasi awo, nayankhula modekha ngati akulangiza mwana wofika m'kalasi belu litalira kale.

"A Malizani, mwafika mochedwa, chiyambi simunachimve. Januario anangotibwereka makina ndi malo. Tinasoka tokha amayife. Chigamba chilichonse apa n'cha nsalu imene mwamuna anakagula m'mawa, kupepesera mkazi amene anam'menya dzulo lake. Tinapangana kuti sititchula dzina la munthu aliyense. Dzina la wogula zapakatizo mwalitchula nokha."