Mkuwa wa Pansi pa Phulusa

Mfuko anali atagwada m'dzenje, burashi ili m'manja, pamene dothi linaonetsa kanthu kobiriwira. Anaima kaye. Anatsinzina n'kupemphera mwachidule, monga ankachitira m'mawa uliwonse asanatsike makwerero.

Dzina loti Mfukoli anam'patsa ndi bambo ake ali mwana, poti ankangofukula pabwalo ponse. Tsopano anali katswiri wofukula zakale, ntchito yomwe bambowo anakalamba nayo. Paphiri limeneli panali zotsalira za ng'anjo za anthu amakedzana, koma zimakina zolambula msewu zinali zitafika kale kutsidya. Akuluakulu ananena mosapita m'mbali: pakapezeka chinthu chosulidwa pansi pa phulusa la ng'anjozo, msewu ukhota. Pakapanda kupezeka, phiri lipita.

Bambo ake anali pampando m'mphepete mwa dzenjelo, chipewa chitaphimba nkhope. Nawonso anakumbapo paphiripa atangokwatira kumene, koma sanapeze kanthu, ndipo anakwirira. Malo atsopanowa anamulozera ndi iwo.

"Dzenje langa linali uko, pafupi ndi mtsinje," anatero tsiku loyamba. "Pano sipanagwe khasu la munthu."

Dothi lake linali lofewa, mapale ndi makala zitasakanikirana. Mfuko anati imeneyo ndi ntchito ya madzi osefukira, pakuti mtsinjewo sukhazikika, umasamukasamuka. Anangothokoza Mulungu chifukwa cha dothi losapweteka msana. Pambali anali ataikiratu botolo lopanda kanthu. Bambo ake anamuphunzitsa kuti wofukula akamakwirira dzenje amasiya pansi chinthu chamakono, kuti odzabwera m'mbuyo adzadziwe kuti pamenepo panakumbidwa kale.

Mayi ake anafika ndi tiyi, monga ankachitira masana aliwonse popanda wowatuma. Anathirira amuna awo, n'kuwapukutira magalasi ndi nsonga ya nsalu yawo. Kenako anatulutsa supuni imodzi mwa masupuni awo a paukwati, okhala ndi kaduwa pachogwirira.

"Mukatakasa mubweze," anatero. "Inzake inapita ndi mlongo wanu uja."

"Mwayambanso, mayi a Mfuko? Mlongo wanga sanabe kanthu."

"Nanga inamera miyendo? Munthu wabwera kudzacheza, mawa lake supuni kulibe."

Mfuko anakula akuimva nkhaniyi. Chiyambire pamenepo, mayi ake sanapondenso pakhomo pa alamu awowo. Akakumana, unkangokhala moni wouma.

"Ababa," anaitana chapansipansi, "tabwerani."

Bambowo anadzuka, tiyi ali m'manja, n'kusuzumira. Kachitsulo kowonda kanali katagona pansi penipeni pa dzenje, pomwe phulusa limathera. Dzimbiri lake linali lobiriwira.

"Mkuwa umenewo," anatero. "Taona timizereto. Amene anasula zimenezi anali mmisiri weniweni. Moyo wanga wonse ndinkafuna chinthu chotere. Mwanawe, phiri lapulumuka."

"Ambuye ndi abwino," anatero mayi, atawagwira amuna awo mkono kuti asagwere m'dzenje.

Mfuko anamva misozi ikubwera. Anaona kale msewu ukukhota, ng'anjo zitatchingidwa ndi mpanda, dzina la bambo ake litalembedwa pafupi ndi lake. Sanafulumire. Anasesa dothi pang'onopang'ono, osakhudza chinthucho ndi chala, monga anaphunzitsidwira. Mbali imodzi timizere tija tinakumana n'kupanga kaduwa. Mbali inayo kachitsuloko kanayamba kutambasuka, n'kukhala kozungulira, kolowa pakati.

Mayi anayang'ana m'dzenje, kenako anayang'ana supuni yomwe inali m'kapu mwa amuna awo.

"Bambo a Mfuko, mwati dzenje lanu linali kuti?"

Bambowo anavula chipewa, n'kuyang'ana mtsinje ngati wawalakwira. "Tsiku lokwiriralo botolo ndinalibe," anatero.

"Mfuko, mawa ukakumbe uko kumtsinje, komwe sikunagwe khasu," anatero mayi, akuwalanda supuni ija. "Bambo akowa andiperekeza kwa alamu anga. Okapepesa ndi iwowo."