A Manesi Awiri M'kaundula

Magetsi anayaka cha m'ma naini usiku, ndiye ndinapalasa njinga kubwerera ku ofesi ya bungwe lathu la alimi ku Malomo, ndikudzitukwana mumtima. Pulogalamu ya pakompyuta imene ndinalemba yochotsa maina obwerezedwa m'kaundula wa olandira mbewu ya mtedza inali itafufuta anthu enieni, ndipo mbewuyo inali yoti igawidwe m'mawa mwake.

Ndinakiya chitseko n'kuyamba kubwezera maina limodzilimodzi, maso akulemera.

"Odi, bambo."

Pa benchi kumbuyo kwanga panali patakhala mayi wokalamba. Kunja mvula inali kugwa, koma chitenje chawo chinali chouma.

"Mwalowa bwanji, agogo?"

"Mwafufuta mdzukulu wanga, Manesi Chikhumbo. Anamutcha dzina langa. Mawa akalandira chiyani?"

Ndinafufuza m'kompyuta. Zoonadi, a Manesi Chikhumbo analipo awiri m'mudzi umodzi. Pulogalamu inasunga wobadwa mu 1941 n'kutaya wa 1998. Ndinamubwezera mwanayo.

"Basi, agogo, nonse awiri mulimo tsopano."

"Ayi, ine mundichotse. Chaka chachinayi chino mukuitanabe dzina langa pamzere, ndipo mukaitana ndimabwera. Kumene anandigoneka n'kutali."

Ndinayang'ana chitseko. Chinali chokiya, ndipo makiyi anali m'thumba mwanga.

Anadzuka pa benchi paja n'kudzaima pafupi ndi phewa langa. Sindinamve kupuma kwawo. Chala chawo chinaloza dzina lawo pa kompyuta.

"Fufutani, mwana wanga," anatero. "Ndatopa."