Diso la Pulofesa Kuramochi

"Musagwedeze mutu, Aphunzitsi, mankhwalawa ayambe agwira," anatero Dokotala Shiraki atamaliza kumata diso la Pulofesa Kuramochi.

"Ukuuza ine zimenezo? Anawapanga ndani mankhwalawa? Si ineyo?"

Analidi iwowo. A Kuramochi anamerera imvi pa mankhwala amenewa, onanda ngati therere, omatira bala la m'diso kwinaku akulichiza pang'onopang'ono. Powayesa pa mbewa ankagwira bwino zedi. Koma pa anthu ankangomatuka, wodwala asanatuluke n'komwe pachipata cha chipatala. A Kuramochi yankho anali nalo kale: odwala ndi osamva, amatikita maso.

Tsopano nthambi inali itawakanda diso m'munda mwawo, ndipo anabwera kudzaonetsa dziko lonse mmene wodwala wanzeru amachitira. Manja awo anawakhalira kuti asawanyenge. Anayang'ana kudenga ngati chiboliboli, khosi lili gwa.

"Tatha, Aphunzitsi," anatero Shiraki, yemwe kale anali wophunzira wawo.

A Kuramochi anaimirira monyadira. Kenako thupi linangochita zomwe linazolowera kuyambira paubwana: anawerama mpaka m'chiuno, monga amachitira aliyense kwawoko pothokoza.

"Zikomo kwambiri, ndakuvutitsa."

Tho! Kanthu konyowa kanagwera pansonga ya nsapato yawo.

Shiraki anawerama kupepesa. A Kuramochi nawo anaweramanso kuposa poyamba, akuonerera ntchito ya moyo wawo wonse ikutsetsereka pansapato.

"Shiraki," anatero osadzutsa mutu, "iwe unayamba waonapo mbewa ikuthokoza dokotala?"