Thovulanyanja

Mzere wa ku sikelo unali utafika pamtengo wa mango, koma Esitere ndi mwamuna wake Dyson anali asanagwirizanebe za dzina. Mwana anali ndi milungu isanu ndi umodzi, ndipo pa kabuku kake malo a dzina anali oyera. Tsiku limenelo alangizi a zaumoyo ankayenera kulembapo ndi bolopeni, zosafufutika.

Esitere ankafuna Malita, dzina la malemu mayi ake. Dyson ankafuna Thovulanyanja.

Esitere anafunsa ngati anabereka mwana kapena sopo. Anati kusukulu anzake azidzamuseka mpaka sitandade eyiti, ndipo abusa adzatsamwa nalo pa ubatizo. Dyson sanakwiye. Anangotsitsa chipewa chake mpaka kubisa makutu ake aja otambalala ngati zopalasira bwato, amene khandalo linatengera osasiyako. Chifikireni anali wamanyazi chonchi. Kunyumba anachita kuumirira kuti apite ku sikelo ya ku boma, ati kuno kumachuluka anthu, koma Esitere anakana kukwera minibasi ndi khanda.

Monong'ona, Dyson anafotokozanso mmene dzinalo linamufikira. Unali mwezi wathawu, ku Nkhudzi, kumene amakhala milungu itatuitatu akupha usipa. Mwera utaleka, anaona thovu loyera likuvina kumbuyo kwa boti, mtima wake n'kuuluka kubwerera ku Nkopola, kwa mkazi wake ndi kamwana.

"Mayi, a Malita alipo angati pamzere uno? Asanu? Koma dzina ili mulibe m'Mangochi monse. Ndinalisungira inu nokha."

Mawu amenewa anamulowa Esitere. Amuna a anzake akabwera kunyanja amabweretsa fungo la nsomba ndi zovala zakuda. Wake anabweretsa dzina. Esitere analiyesa pakamwa kawiri, mwakachetechete, n'kumva kuti likuyamba kukoma. Anayang'ana amayi ena pamzerepo, onyamula a Angel ndi a Thandi awo, ndipo anawamvera chisoni. Anapepesa mayi ake mumtima, n'kugwira dzanja la Dyson.

"Chabwino, bambo. Tilembetse lomwelo."

Kutsogolo, mlangizi anatola kabuku pamulu wa omwe anafika m'mawa. Anakabweza patali, anakayandikizanso, kenaka anaitana mokweza:

"Thovulanyanja Dyson!"

Esitere anayamba kuimirira, akumwetulira. Kenaka anaona kuti kabuku kake kadakali m'manja mwake, kosalembedwa.

Pabenchi yoyamba panadzuka mayi wina, atabereka kamtsikana ka chaka ndi theka, ka makutu otambalala ngati zopalasira bwato. Kamwanako kanatembenuka, kanaloza chipewa chija, n'kuseka.

"Ababa!"