Nkhwali ndi Tsekwe Pothawa Moto wa Tchire

Padangotero, kudambo kwina Nkhwali ndi Tsekwe ankakangana tsiku ndi tsiku za liwiro.

"Ine ndikangoti phaa, ndapita," ankatero Nkhwali. "Koma inu achimwene, kuti munyamuke mpaka muthamange kaye pansi, mukubuula ngati mukukoka ngolo."

"Mundisiye thupi litenthe, achemwali," ankayankha Tsekwe. "Ndikafika m'mwamba simungandionenso."

Tsiku lina osaka mbewa adayatsa tchire. Nkhwali adavumbuluka mu udzu nthawi yomweyo, ndipo phokoso la mapiko ake ndilo lidadzidzimutsa Tsekwe. Tsekwe adathamanga movutikira, moto ukumunyambita kumchira, mpaka adanyamuka.

Koma mphamvu za Nkhwali sizikhalitsa. Asadafike kumtsinje wa m'mphepete mwa dambolo, mapiko adalefuka, ndipo iye adayamba kugwera m'malawi. Tsekwe, amene tsopano ankauluka ngati mphepo, adadzera kunsi kwake namulandira pamsana.

Atatera kutsidya, onse akutsokomola utsi, Tsekwe adafunsa, "Nanga wapambana ndani?"

Nkhwali adayang'ana nthenga zowauka za mnzakeyo, nati, "Achimwene, mukamathamanga pansi paja sindidzakusekaninso. Ndizikudikirani."

Mkangano udathera pomwepo, nthano yanga nayonso.