Mpongozi wa ku Hotela

Kachitatu m'mawa umodzi womwewo, Mayi Evanthia anabweza khofi.

"Uyu ndi khofi kapena madzi otsukira mbale? Thovu lake lili kuti?"

Argiro, mtsikana wogwira ntchito pa hotelapo, anangoweramitsa mutu n'kunyamula kapu ija. "Pepani, mayi. Ndikakonzenso."

Mayi Evanthia anamuyang'ana akupita, kuyambira kutsitsi mpaka kuzidendene. Anali atatha masiku anayi pa hotela yaing'onoyi, m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, koma madzi anali asanawakhudze ngakhale ndi chala. Kusambira si kumene anadzera pachilumbapa. Iwo anabwera kudzayesa mkazi.

Mwana wawo yekhayo, Lefteris, wa zaka makumi anayi, ankakonza injini m'sitima yoyenda pakati pa doko la Piraeus ndi zilumba. Mwezi wathawo anawauza kuti wapeza womanga naye banja, koma dzina anakana kutchula. "Mudzamuona pa chikondwerero cha Maria Woyera mu Ogasiti. Awiri oyamba aja munawadziwa msanga, n'chifukwa chake anathawa." Mnzake wina wa m'sitima, atadyetsedwa bwino, anaulula hotela imene Lefteris amagonako sitima ikaima. Mayi Evanthia analongedza sutikesi, nakalembetsa chipinda m'dzina la kwa makolo awo. Pa hotelapo mtsikana anali mmodzi yekha. Panalibenso chofunsa.

Mayeso anayamba tsiku lomwelo. Ankasesa fumbi ndi chala pamwamba pa chitseko n'kumuonetsa. Matawulo anawabweza chifukwa akununkha mchere, ngati kuti nyanja anaibweretsa ndi Argiro. Anamufunsa ngati amasala nyama Lachitatu ndi Lachisanu, ngati amadziwa kukulunga mpunga m'masamba a mpesa, komanso ngati kwawo kuli wina wodwala mutu. Mtsikanayo ankayankha mofatsa, maso ali pansi.

Masana aliwonse Mayi Evanthia ankakapumulira mtima pakhonde lakuseri, pamthunzi wa mpesa, pomwe mwini hotela, Kalliopi, ankasadzulira masamba ophika. Anali mkazi wamasiye wa zaka ngati makumi asanu, wamikono ikuluikulu, woseka mokweza mpaka mbalame kuthawa padenga. Ankadziwa kumvetsera, ndipo Mayi Evanthia anamuuza zonse, atamulumbiritsa kuti asaulule.

"Ndiye mtsikana wanguyu mwamuona bwanji, achemwali?" Kalliopi anafunsa tsiku lachisanu.

"Ndi wowonda ngati ndodo ya tsache. Koma ndi wofewa. Ameneyu ndimuumba." Analavula katatu pambali kuti asamulodze ndi diso. "Adzakhala m'nyumba yapansi kwathu ku Piraeus, ine pamwamba. Kiyi wina adzakhala ndi ine."

"Kuno kwathu mwamuna ndiye amatsata mkazi kunyumba kwake," Kalliopi anatero akuthyola phesi.

"Zimenezo ndi za kuno, komwe amuna ndi mbuzi n'chimodzimodzi. Wanga sangandisiye."

"Nanga awiri oyamba aja munawatani?"

Mayi Evanthia anakoka mpando, nkhope itawala ngati munthu wofunsidwa za ulendo wake wa ku Yerusalemu.

"Zophweka, mnzanga. Usamalimbane naye mtsikana. Uzimuyamikira pamaso pa mwana wako, koma uzithirako mchere pang'ono m'chakudya chimene waphika. Akapangana zokayenda, iwe ugwire pachifuwa, upemphe madzi. Lefteris wanga ali ndi mtima wa mwana wa nkhosa. Akangoona dzanja langa lili apa, amasiya chilichonse."

"Ndiye mtima wanu ulibe vuto?"

"Dokotala akuti ngakhale iyeyo ndidzamuika m'manda ndine."

Kalliopi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi epuloni. "Mayi inu! Bwenzi mutatsegula sukulu."

Loweruka masana sitima inalira padoko. Mayi Evanthia anavala diresi lawo la kutchalitchi, ndolo zagolide ndi nsapato zowapweteka, nakakhala pampando woyang'ana pakhomo lolowera. Anali atagamula mlandu: mtsikana wapambana. Anamuitana Argiro namuuza kuti aime pambali pawo.

"Wongola msana, mwanawe. Lero udziwa amene wakhala ukumutumikira."

"Chabwino, mayi," anatero Argiro, tsache lili m'manja.

Lefteris analowa chikwama chili paphewa, malaya ali mafuta okhaokha. Ataona mayi ake anaima ngati wagundidwa ndi chitseko.

"Amayi! Mukutani kuno?"

"Ntchito imene iwe ukanailephera." Anagwira dzanja la Argiro n'kulikweza m'mwamba. "Ndamuyesa masiku asanu ndi limodzi. Khofi sadziwa, koma aphunzira. Ndavomera. Mutenge."

Lefteris anayang'ana mtsikanayo, kenako mayi ake. "Argiro? Ameneyutu ali ndi mwamuna wake, wapolisi wa padoko."

Chitseko cha kukhitchini chinatseguka. Kalliopi anatuluka akupukuta manja, anapita molunjika kwa Lefteris, namupsompsona pakamwa mosafulumira, ngati munthu amene ali pakhomo pake. Dzanja la Mayi Evanthia linanyamuka lokha kulowera pachifuwa.

"Litsitseni dzanjalo, apongozi," Kalliopi anatero mokoma mtima. "Mwana wanu akhala kuno. Inu muzibwera pa Pasaka, chipinda choyang'ana kunyanja chidzakhalapo."