Khutu la a Lufeyo

M'mudzi mwa Kanyenda makina aliwonse ankabwera pulogalamu yake ili poyera. Aliyense ankaloledwa kuiwerenga ndi kuisintha, bola akakonza aike m'nkhokwe ya onse ya pa intaneti kuti anzake apindule nawo.

Kachipangizo kothandiza kumva kamene a Lufeyo ankavala m'khutu kanali ndi vuto limodzi. Kulira kwa mbuzi ndi wailesi kankatulutsa bwinobwino, koma mawu a akazi awo, Anangozo, omwe anasasa chidwalireni pakhosi, kankawayesa phokoso n'kuwazimitsa. Anangozo ankaitana mpaka kutopa, bamboyo akungosoka mphasa. Mapeto ake, akafuna kuwauza kanthu ankachita kuwagenda ndi chitsononkho.

Tsiku lina Anangozo anatsegula pulogalamuyo pafoni. Anapeza pamene inkasefera phokoso, koma atasintha, amuna awo anadandaula kuti nkhuku zikulira ngati chigayo. Ndiye anajambula mawu awo osasawo n'kutumiza kugulu la okonza mapulogalamu: "Amuna anga sakundimva. Ndithandizeni, abale."

Anayankha mayi wina wa ku Nsanje, telala, yemwe mlongo wake ankavutika chimodzimodzi. Anathandizana, uyu kusintha, uyo kuyesa, mpaka anagwirizana zoti ayesere pa mwini khutu asanaike m'nkhokwe.

Anangozo anabwezera kachipangizoko m'khutu mwa amuna awo, mtima uli m'mwamba.

"Bambo a Tiyese, mwasiyanso khasu pamvula."

"Bwerezani."

Nkhope ya Anangozo inagwa. "Simukundimvabe?"

"Ndamva, amake Tiyese," anatero a Lufeyo, misozi ili lengelenge. "Ndikungofuna mundikalipirenso."